Bambo wa kalole amene anatisamutsira ziboliboli ku Matawale

Amene muli ndi ziboliboli mnyumba ndipo mukufuna kusamuka muno mu Zomba, ndati ndikuuzeniko za bambo ena a kalole amene anatichotsa ku Kalimbuka kupita ku Matawale mwezi wathawu. Ndinawapeza cha kumsika waukulu, komwe amaima a magalimoto a hayala.

Mabedi, firiji, mapoto sizimandidetsa nkhawa, nkhawa yanga inali pa zosema za malemu bambo anga, zina anagula ku Mua kwa a Kungoni, malo a zosemasema ndi chikhalidwe aja anayambitsa Father Claude Boucher mu 1976, zina kwa anyamata aja amagulitsa mumsewu wokwera ku Ku Chawe. Pali nyamalikiti wofika mchiuno, njovu ziwiri za phingo, mpando wa mfumu wa mlombwa ndi mayi wosenza mtsuko wa mwala wofewa uja.

Zondinyansa ndiyambe nazo. Tinapangana 7 koloko anafika dzuwa litakwera kale, foni osayankha, ndiye mtengo wawo ndi wokwererapo kuposa a ma pikapu, kunenerera amakana. Mnyamata wawo mmodzi atangolowa ananyamula nyamalikiti pakhosi ngati nkhuku yopita kumsika, ine mtima phaa, mwamwayi abwana ake anamukalipira pompo kuti chosema umagwira kutsinde.

Koma pa kalongedzedwe ayi ndithu bambowa ntchito amaidziwa. Chosema chilichonse amayamba achitembenuza kaye kuona pamene chingathyokere. Akuti phingo anthu amanamizika nalo chifukwa ndi lolimba komanso lolemera, koma pamene pasemedwa mopyapyala, monga chitamba ndi makutu a njovu, likagunda limangoti thyo osapindika nkomwe. Ndiye malo amenewo amayamba akulunga paokha ndi tizidutswa ta zitenje zakale kenako nkukulunga chonsecho. Minyanga inali yochita kulowetsa, anaizula nkuika mu envelopu nkulemba kuti njovu yaikulu, njovu yaing'ono. Miyendo ya nyamalikiti anaika katoni yopinda pakati kuti isapanikizane, khosi analimangira ku kathabwa.

Ine ndinali nditasunga manyuzi ndi majumbo ambirimbiri, anakana zonse. Manyuzi akuti inki imatsalira pa mtengo wowala makamaka ngati unapakidwa polishi, jumbo nayo ikakhala padzuwa imachita thukuta mkati, ndiye ndi chinyezi cha ku Zomba kuno mtengo umachita nkhungu. Selotepi osagunditsa pa mtengo, amamata pa nsalu pokha. Mmakatoni anathira zopalapala za kwa akalipentala zouma bwino, chosema chimodzi katoni yakeyake, akatseka amagwedeza pang'ono, akamva kuti khokhocho amatsegulanso nkuwonjezera. Apa ndiye panatha nthawi, amuna anga mpaka anayamba kung'ung'udza kuti tigona panjira.

Mpando wa mfumu sunavute, ndi matabwa awiri olowetsana aja, anangosolola nkuika bulangete pakati.

Mayi wa mwala uja sanapite kumbuyo, anati ndimufukate ineyo kutsogolo chifukwa mwala umenewu ngakhale chikhadabo chimaukanda. Makatoni enawo anawaika kufupi ndi mutu wa galimoto komwe sikudumpha kwambiri, matiresi mbali zonse, pamwamba osasanjikapo kanthu. Pa mahampu amachita kukwawa, titasiya tala kulowa msewu wafumbi ndiye kabaza anatipitirira, ine osadandaula.

Zonse zinafika zamphumphu kupatula kakhutu ka njovu yaing'ono komwe kanali ndi mng'alu kalekale, ndipo anandionetsa tisananyamuke nkujambula pa foni kuti tisadzakanganepo. Potsika anandiuza kuti ndisaziike pawindo lowomba dzuwa kapena pafupi ndi mbaula, zimang'aluka.

Ngati katundu wanu ndi matumba a chimanga ndi mipando ya pulasitiki tengani pikapu yotchipa, ndalama zanu zingapite pachabe. Koma wa ziboliboli ndingawaitanenso, kungoti muwauze 6 koloko ngati mukufuna abwere 8, ndipo zitenje zakale mukonzeretu zanu chifukwa zawo zinali zochepa, tinachita kubwereka kwa aneba.