Fiber yalowa m'nyumba: rauta ya kampani, rauta yanuyanu, mesh kapena waya?

Amisiri akamaliza kukoka fiber, chingwe chagalasi chobweretsa intaneti, amakusiyirani kabokosi kolandira chingwecho kotchedwa ONT, kawirikawiri ka Huawei, ZTE kapena Nokia, kokhala ndi timagetsi tolembedwa PON ndi LOS. Kameneka simusankha ndinu. Kampani imakalembetsa ku makina ake, ndiye mukagula kena pamsika musayembekezere kuti kalumikizika. Zosankha zanu zimayambira kuseri kwa kabokosiko, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama.

Njira yosavuta ndi kungogwiritsa ntchito WiFi ya m'kabokosi momwemo, poti ma ONT ambiri amakhala ndi rauta, chipangizo chogawa intaneti m'nyumba, m'kati mwake. Simuwonjezera ndalama, ndipo intaneti ikavuta kampani ilibe pothawira chifukwa zida zonse ndi zake. Pa nyumba ya zipinda ziwiri ine sindingagule china. Vuto lake ndi malo. Kabokosiko kamakhomedwa pomwe fiber yalowera, mwina pakona ya pabalaza, kuseri kwa TV, ndipo simungakasunthe mwachisawawa chifukwa fiber ndi galasi, mukaipinda kwambiri kagetsi ka LOS kamayaka kofiira, kusonyeza kuti intaneti yaduka. Tembenuzaninso kabokosiko muwerenge zolemba pa madoko ake olowetsamo waya. GE ndi doko la gigabit, ndiye kuti 1000 Mbps. FE ndi doko la 100 Mbps, lomwe silipitirira cha m'ma 94 Mbps ngakhale mutalipira phukusi la 200.

Kugula rauta yanuyanu, monga TP-Link Archer kapena MikroTik hAP, kumakupatsani WiFi yamphamvuko komanso ulamuliro: netiweki ya alendo payokha, kuchepetsera liwiro mwana amene amadya intaneti yonse. Koma musanatulutse ndalama funsani kampani ngati imalola kuika ONT pa bridge mode, pomwe imangodutsitsa intaneti n'kusiyira rauta yanu ntchito yogawa, ndiponso ngati ingakupatseni dzina ndi chinsinsi cha PPPoE komanso nambala ya VLAN ngati imafunika, zomwe rauta yanu imalowera nazo pa netiweki ya kampaniyo. Ikakana, marauta awiri atsatizana, aliyense akugawa maadiresi ake. Facebook ndi YouTube ziziyenda bwinobwino, koma masewera a pa intaneti ndi makamera oonera muli kutali amatha kuvuta. Pothawira pake n'kuika rauta yanuyo pa access point mode, pomwe imangoulutsa WiFi osagawa maadiresi. MikroTik, ya ku Latvia, imachita zambiri pa mtengo wake, komano RouterOS, pulogalamu yoiyendetsera, si ya munthu wofuna kungolumikiza n'kukagona. Za Wi-Fi 7, yomwe inayamba kutsimikiziridwa mu 2024, musakomedwe nayo panopa. Wi-Fi 6 ya mu 2019 ikukwanira, makamaka ngati mafoni a m'nyumbamo ndi akale kuposa rautayo.

Rauta imodzi, kaya ili ndi nyanga zisanu ndi chimodzi, imagonja ndi khoma. WiFi ya 5 GHz ndi yothamanga koma imafooka msanga ikadutsa njerwa zowotcha zopakidwa simenti mbali zonse. Ya 2.4 GHz imabowola bwinoko, koma ili ndi njira zitatu zokha zosalowerana, 1, 6 ndi 11, zomwe mumalimbirana ndi anansi onse. Ndipo foni nayo iyenera kuyankha. Rauta ikhoza kukuwa mpaka kuchipinda chogona, kafoni n'kulephera kubweza mawu.

N'chifukwa chake mesh ikugulidwa kwambiri. Timabokosi tiwiri kapena titatu ta TP-Link Deco ndi tinzake timagawana nyumba, dzina la WiFi limodzi, kutchera kwake pa foni. N'tabwino kuposa repeater yotchipa ija yobaya pa soketi, yomwe imamva ndi kutumiza ndi wailesi imodzi n'kudula liwiro pafupifupi theka. Kwa amene akuchita lendi, amene eni nyumba sangamulole kubowola khoma, mesh ndiye yankho. Chimene ogulitsa sanena n'chakuti timabokosito timalankhulana pa WiFi yomweyo, ndiye khoma lomwe linatchinga rauta litchinganso ito. Mukaika kachiwiri m'chipinda chomwe netiweki ndi yofooka kale, foni ionetsa timizere todzadza koma vidiyo izingozungulira. Malo ake ndi pakati, pakhonde la m'kati, pomwe kakumvabe bwino koyamba.

Ngati nyumba ndi yanu, kokani waya. Apa ndiye sindikayika. Waya wa Cat5e kapena Cat6 umanyamula gigabit mpaka mamita 100, khoma likhalepo kapena ayi. Udutse kudenga, utsikire pakati pa nyumba, pamenepo muike access point, kachipangizo koulutsa WiFi, kaya ka mtundu wa UniFi, kaya rauta yakale yoikidwa pa access point mode. Ngakhale ma Deco omwewo mukawalumikiza ndi waya amasiya kudalira mphepo, liwiro n'kufika lonse. Ku nyumba ya kuseri, komwe mesh imalephereratu, waya umodzi umathetsa nkhani, bola ukhale wopangidwira panja ndipo udutse m'paipi.

Pogula waya samalani ndi wolembedwa CCA. Ameneyu ndi aluminiyamu wokutidwa kopa, wotchipa, wothyoka msanga, ndipo amatentha mukamadutsitsamo magetsi a PoE, oyendetsera zida kudzera m'waya wa netiweki. Pemphani kachidutswa, sendani kawaya kamodzi, kakandeni ndi mpeni. Kakayera ngati siliva m'kati, musiyeni.

Palinso magetsi, omwe kwathu kuno amathima osatsanzika. Fiber ya GPON, mtundu wofala wa fiber yolowa m'nyumba, sifuna magetsi panjira pakati pa makina a kampani ndi nyumba yanu, choncho nthawi zambiri intaneti imakhalapobe magetsi atazima, chomwe chafa ndi kabokosi kanu. ONT ndi marauta ambiri amadya 12V, ndipo mini UPS, kabatire kakang'ono ka DC, kamatha kuziyendetsa maola angapo. Apa mesh imaluzanso, chifukwa kabokosi kalikonse kali pa soketi yake ndipo kafuna batire lake. Ndi PoE magetsi amayenda m'waya wa netiweki momwemo, ndiye UPS imodzi pamalo amodzi imasunga nyumba yonse. Ndalama zikakhala zochepa, yambani ndi batire ndi waya wa kopa weniweni, rauta yodula ibwere pambuyo.