Madzi a Blantyre Water Board ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndamwa madzi a Water Board zaka zambirimbiri kuno ku Chilomoni, ana anga onse akula akumwa madzi omwewa, ndiye ndati ndilembeko maganizo anga makamaka kwa anzanga amene timangotsegula mpopi osadziwa kuti madziwo ayenda ulendo wotani.

Madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre muno ndi a mu Shire. Amawapopa ku Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mtauni, ndiye poti Blantyre ili pamtunda madziwo amachita kukankhidwa ndi mapampu kukwera mamita pafupifupi 800, kudzera pa Chileka pomwe pali mapampu ena owapatsira mphamvu. Tangoganizani magetsi amene amapita pamenepo usiku ndi usana! Ena ochepa amachokera ku Mudi Dam mmunsi mwa phiri la Ndirande, komanso zaka zaposachedwapa anawonjezera a mu Likhubula ku Mulanje omwe amakonzedwera ku Nguludi.

Amene munauonapo Shire nthawi ya dzinja mundimvetsa. Ine ndinaima mmbali mwake tsiku lina mvula itagwa kumtunda, madzi ali bii ngati thobwa, namasupuni ndi zinyalala zikungoyandama, nditafika kunyumba madzulo ndinatunga madzi pampopi mu tambula nkuwayang'ana pa getsi, ali mbee. Kuyambira tsiku limenelo ntchito ya anthu amenewa ndimailemekeza. Amathira mankhwala oti matope aundane nkudikha pansi, kenako madzi amadutsa mu masefa a mchenga, pomaliza klorini wopha tizilombo. Kafungo kaja agogo anga amadana nako, amati madzi akununkha kuchipatala, koma ine ndikakamva mtima umakhala mmalo chifukwa ndiye kuti klorini wafika mpaka pampopi wanga. Ndipo aja amatuluka oyera ngati mkaka nthawi zina musataye ayi, ndi mpweya chabe, asiyeni mu tambula mphindi ziwiri muona akuyera kuyambira pansi kukwera mmwamba.

Pa nkhani yoyeza, ali ndi labu yawo. Amatenga madzi pamtsinje, pomwe akonzedwera, mmathanki mpaka mmipopi ya mmakomo nkumaona kuda kwake, klorini wotsala, komanso ngati muli tizilombo ngati E. coli, ndipo amayenera kutsatira miyezo ya Malawi Bureau of Standards. Nthawi ya kolera ija ya 2022 ndi 2023 kwathu tinkamwa a pampopi, tikasunga mu ndowa ndiye kuthira WaterGuard nkuvindikira, chifukwa alangizi a zaumoyo anatiuza kuti madzi abwinobwino amaonongekera mnyumba, kapu yomweyo mwana wamwera yomweyo wamizanso mu ndowa.

Chimene chimandiwawa ndi phiri la Ndirande. Mitengo tinamaliza tokha, anthu akulima mpaka mmphepete mwa damu, ndiye mvula ikagwa dothi lonse limathera mu Mudi, damu likukwiririka ndipo madzi amatope chonchi amadya mankhwala ambiri kuti ayere. Pamenepa si Board yokha ayi, ndi ife tonse okhala mumzinda uno.

Nyenyezi imodzi ndasunga chifukwa cha pempho limodzi. Zotsatira za kuyeza kuja bwenzi akumazimata pa makiyosiki ndi mmaofesi olipirira bilu mwezi ndi mwezi, mu Chichewa chomveka, kuti mayi amene akutunga ndi chigubu ku Bangwe kapena ku Mbayani aziwerenga yekha kuti madzi a dera lake ayezedwa liti ndipo apezamo chani. Akadzayamba zimenezo ndidzabweranso kudzawonjezera yachisanuyo.