Vivado, Quartus kapena Yosys: musanagule bolodi ya FPGA, yang'anani kaye laputopu yanu

Anzanga amene mukuphunzira zamagetsi ndi makompyuta kuno ku Zomba, kaya ku Chirunga kapena panokha kunyumba, mukafika pa FPGA, chip yomwe mumaikonzera nokha mmene zamagetsi za mkati mwake zilumikizikire, funso lanu loyamba limakhala la bolodi: ndigule iti, ndiitanitse kudzera kwa ndani. Ine ndimati funso limenelo lidikire. Kampani iliyonse yopanga ma chip amenewa ili ndi pulogalamu yakeyake, ndipo ya kampani imodzi siigwira pa chip ya kampani ina. Mukagula bolodi ya Artix-7 ndiye kuti mwasankha Vivado. Mukagula ya MAX 10 kapena Cyclone mwasankha Quartus. Bolodi mudzaigwira mphindi zochepa patsiku, koma pulogalamuyo mudzakhala nayo maola ambiri, pa laputopu yomwe muli nayoyo, ndi bandulo yomwe mungakwanitseyo.

Ntchito yomwe onsewa amagwira ndi imodzi. Mumalemba Verilog kapena VHDL, zilankhulo zofotokozera zamagetsi, pulogalamu imasandutsa zolembazo kukhala timagawo tamagetsi, ndiye synthesis imeneyo. Kenako imapezera kagawo kalikonse malo mkati mwa chip ndikulumikiza njira zake. Pomaliza imatulutsa bitstream, fayilo yoti muithire mu bolodi. Kusiyana kuli pa mmene aliyense amakuyendetserani pa njirayi.

Vivado ndi ya AMD, yomwe inagula Xilinx mu 2022. Inatuluka mu 2012 kudzalowa m'malo mwa pulogalamu yakale ya ISE. Chimene ndimaikondera ndi mzere wa kumanzere uja, Flow Navigator. Wayala ntchito kuchokera pamwamba kutsika pansi: Simulation, RTL Analysis, Synthesis, Implementation, mpaka Generate Bitstream ndi Hardware Manager. Munthu wongoyamba kumene sasochera, amangotsika. Poyesera zolemba zanu musanazithire mu bolodi pali kale mkati momwemo, palibe china chokafuna kwina. Komanso ikakujambulirani schematic ya zomwe mwalemba, mumaona ndi maso kuti mzere umodzi wa Verilog wabala ma flip-flop angati. Pophunzira, chithunzi chimenecho chimathandiza kwambiri.

Koma Vivado ndi yolemera, ndipo apa mpamene ambiri a ife timagwera. Kuidawuniloda kumadya ma GB makumi angapo, nayo disk imafuna malo ochuluka. Amene mukuchita lendi ku Chikanda kapena ku Matawale mukudalira intaneti ya pafoni, mukudziwa tanthauzo lake. Poika, sankhani 7 Series yokha, banja lomwe muli Artix-7, mabanja enawo muwachotse chizindikiro, mupulumutsa malo ambiri. Ndipo m'kalasi akadawuniloda mmodzi, ena onse atengere pa fulashi. Laputopu ya RAM ya 4 GB imavutika nayo zedi. Ndi 8 GB mumapumako. Ngakhale kadizaini kongophethiritsa LED kamatenga mphindi zingapo kuti kafike pa bitstream, fani ikulira. Magetsi atathima batire ili theka, mphindi zimenezo mumaziwerenga.

Quartus Prime Lite ndi ya Altera, kampani yomwe Intel inagula mu 2015, nchifukwa chake mumaona mayina onse awiri. Ndi yaulere, ndipo imagwira pa MAX 10, Cyclone IV, Cyclone V ndi Cyclone 10 LP. Ndi yopepuka poyerekeza ndi Vivado, makamaka chifukwa fayilo ya banja lililonse la ma chip mumaitenga payokha. Muli ndi DE10-Lite, bolodi ya Terasic, mumangotenga ya MAX 10 basi. Maonekedwe ake ndi achikale, mawindo ndi ambiri, Pin Planner apa, Programmer apo, Timing Analyzer kwina. Koma mukazolowera imayenda bwino ngakhale pa laputopu yotopa. Zovuta zake ziwiri zimabwera tsiku loyamba. Pa Windows, driver ya USB-Blaster, yolumikizira bolodi ndi laputopu, mumayenera kuiloza nokha mufoda ya Quartus, apo ayi Programmer sionapo bolodi. Ndipo Questa, pulogalamu yake yoyesera zolemba, imafuna laisensi. Ndi yaulere, koma mpaka mulembetse pa intaneti ndikuiika bwino. Ambiri amatopera pamenepa nkusiyiratu kuyesera, ndiye amangothira mu bolodi kumayembekezera mwayi. Musatero.

Tiyeni tione pafupi chinthu chimodzi chimene chimaonetsa khalidwe la pulogalamu iliyonse, nkhani ya mapini. Pa Basys 3, bolodi ya Digilent ya Artix-7, clock ya 100 MHz imalowera pa pini W5, ndipo mumauza Vivado zimenezi mufayilo ya XDC. Mukaiwala kupatsa LED yanu pini ndi mphamvu yake, Vivado imayenda bwinobwino mpaka kumapeto, kenako nkukana kutulutsa bitstream, nkukulemberani mauthenga a vuto NSTD-1 ndi UCIO-1. Zimapweteka mtima mutadikira nthawi yonseyo, koma ikukutetezani. Quartus siikana. Imangolemba chenjezo pakati pa mauthenga ambirimbiri, nkusankha yokha pini iliyonse yomwe yaipeza. Mumathira mu bolodi, LED osayaka, inu nkuyamba kukayikira Verilog yanu yomwe ilibe vuto. Choipa koposa, pini yosankhidwa mwachisawawayo ikhoza kukhala yolumikizidwa ku chinthu china pabolodipo. Pamenepa Vivado ikuchita bwino, ndipo a Quartus muziwerenga Critical Warning iliyonse musanakhudze Programmer.

China cha kwathu kuno: ma FPGA ambiri amaiwala zonse magetsi akachoka. Mu Quartus, fayilo ya .sof imakhala pokhapokha bolodi ili ndi moto. Mukufuna kuti dizaini idzuke yokha magetsi akabwera, pa MAX 10 thirani .pof, ilowa mu flash ya mkati mwa chip momwemo. Pa Basys 3 flash ili kunja kwa chip, ndiye mu Hardware Manager mumayamba mwaisankha, komanso jumper ya pabolodi iikidwe pa QSPI. Amene mukukonzekera kukaonetsa polojekiti kwa aphunzitsi, yeserani zimenezi dzulo lake pozula waya ndikubwezeretsa.

Tsopano njira yomwe ine mtima wanga uli. Yosys, yomwe anayambitsa Claire Wolf, imachita synthesis, ndipo nextpnr imayala ndikulumikiza. Mu 2015 Project IceStorm inatsegula mmene bitstream ya Lattice iCE40 imapangidwira, ndiye kuyambira pamenepo munthu amatha kuchoka pa Verilog mpaka pabolodi popanda pulogalamu ya kampani. Pambuyo pake panabwera Trellis ya ECP5 ndi Apicula ya ma chip a Gowin. Zonsezi azimanga mtolo umodzi wotchedwa OSS CAD Suite, momwe mulinso Icarus Verilog ndi GTKWave zoyesera ndi kuonera ma signal. Palibe kulembetsa, palibe laisensi, mumangomasula foda nkuyamba. Imayenda pa Linux, pa Windows ngakhalenso pa Mac, kumene Vivado ndi Quartus sizipita.

Mulibe mabatani oti muzidina. Mumalemba malamulo pa terminal, kapena kuwasonkhanitsa mu Makefile kuti muzingolemba make. Sabata yoyamba zimaopsa. Koma kadizaini kakang'ono kamatha m'masekondi, ndipo zimenezi zimasintha kaphunziridwe konse. Mumasintha mzere umodzi, mwathira, mwaona, mwasinthanso. Pa Vivado munthu amaopa kuyesa maganizo atsopano chifukwa cha kudikira kuja. Kutengera Vivado pa LED imodzi kuli ngati kubwereka lole kukatenga thumba limodzi la chimanga ku Mpondabwino.

Sindikubisirani malire ake. VHDL siilowa mwachindunji, imadutsira pa GHDL, ndiye ngati kosi yanu ndi ya VHDL mudzavutikirapo. Ma chip ake ambiri ndi ang'onoang'ono: iCE40 ya pa iCEstick ili ndi ma logic cell 1,280, UP5K ili ndi 5,280, pomwe Artix-7 ya pa Basys 3 ili ndi 33,280. Mulibenso mndandanda waukulu wa ma IP, madizaini okonzeka kale, ngati wa mu Vivado. Ndipo mukadzafuna ntchito ya FPGA, olemba ntchito ambiri amafunsa Vivado kapena Quartus.

Pakatikati pali Tang Nano 9K ya Sipeed, ya chip ya Gowin yokhala ndi ma LUT 8,640 komanso pobayira HDMI. Ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi Basys 3 kapena DE10-Lite, ndipo imalola njira ziwiri: Gowin EDA, yomwe mtundu wake wa Education sufuna laisensi ndipo ndi yaing'ono, kapena Yosys ndi nextpnr. Wophunzira wogula ndi ndalama za m'thumba mwake, ndingamuuze ayambire pamenepa. Ngati kulabu kuli kale mabolodi a Terasic kapena a Digilent, musalimbane nazo, ikani pulogalamu ya mabolodi amenewo, koma Icarus Verilog ikhalebe pa laputopu yanu yoyeserera kunyumba. Mukamasamutsa dizaini, kumbukirani clock. Theka la sekondi ndi kugunda kwa clock ka 50,000,000 pa Basys 3, 25,000,000 pa DE10-Lite ya 50 MHz, ndi 13,500,000 pa Tang Nano 9K ya 27 MHz.

Chenjerani ndi mabolodi akale omwe amagulitsidwa motchipa pa intaneti kapena amene wina wakusiyirani. Spartan-6 siigwira ndi Vivado, imafuna ISE 14.7 ya mu 2013, yomwe pa Windows yatsopano imavuta kuika. Cyclone II nayo inathera pa Quartus II 13.0sp1. Musanatumize ndalama, pemphani wogulitsayo chithunzi chooneka bwino cha chip, muwerenge nambala yolembedwa pamwamba pake.