Ndemanga ya maphunziro ojambula mbalame ku Marievale

Kwa Amalawi anzanga okhala muno mu Joni amene mumakonda kamera, maphunziro a Loweruka ojambula mbalame amene ndinachita nawo ndi oyenera ndalama zake, ngakhale kuti pali zofunika kukonza. Mphunzitsi amatenga ophunzira mbandakucha n'kupita nawo ku Marievale Bird Sanctuary, pafupi ndi tauni ya Nigel, ndipo amene alibe lensi yaitali amabwerekedwa pamalo pomwepo.

Pa luso lojambula, abambowa amadziwadi ntchito yawo. Anatiphunzitsa kukweza liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) kufika pa 1/2000 ya sekondi pojambula mbalame youluka, kuima dzuwa lili kumbuyo kwathu, komanso kudikira mwakachetechete m'kanyumba kobisalamo m'malo mothamangitsa mbalame. Mmenemo ndinajambula kakowa wakuda akusaka chakudya: amatambasula mapiko n'kudziphimba mutu ngati ambulera, kenako n'kujompha tinsomba tothawira mumthunzimo. Analetsanso mwamphamvu kuliza mawu a mbalame pa foni pofuna kuzikopa, ponena kuti kutero kumachotsa mbalame pa chisa ndi kuitopetsa pachabe.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti satilola kujambula mbalame yokha popanda malo amene ikukhala. Marievale ndi gawo la dambo la Blesbokspruit, lomwe linalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar mu 1986, koma mu 1996 linaikidwa pa Montreux Record, kaundula wa madambo amene akuonongeka, makamaka chifukwa cha madzi ochokera m'migodi ya golide. Madzi ochuluka komanso akuda amachititsa kuti bango limere mothinana n'kutseka matope amene mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zimadyerapo m'nyengo ya dzinja. Choncho anatiuza kuti m'chithunzi muzioneka bangolo, matope ndi milu ya dothi la kumigodi, kuti woonayo amvetse chimene chikutayika. Anationetsanso kulemba mbalame iliyonse pa pulogalamu ya pa foni ya BirdLasser, yomwe imatumiza zolembazo ku SABAP2, kalembera wa mbalame za kumwera kwa Africa amene anayamba mu 2007. Zolemba zoterezi ndi umboni umene akatswiri amagwiritsa ntchito poteteza malo akafuna kumangidwapo.

Ife obadwira kufupi ndi nyanja ya Chilwa, yomwe inakhala malo oyamba a Ramsar ku Malawi mu 1996, tinakula tikuona mbalame zam'madzi ngati ndiwo basi, ndipo ndikukhulupirira kuti zithunzi zabwino za kumeneko zingathandize mafumu ndi asodzi pokambirana za kasamalidwe ka dambolo.

Chodandaula changa n'chakuti gulu linali lalikulu kuposa malo a m'kanyumba kobisalamo, moti ena tinkadikira panja pamene kuwala kwabwino kwa m'mawa kunali kutha, ndipo nthawi younikira limodzi zithunzi zathu inachepa kwambiri. Polembetsa, funsani kaye kuchuluka kwa ophunzira, sankhani miyezi ya Novembala mpaka Febuluwale pamene mbalame zobwera kuchokera kutali zimakhalapo, ndipo mutenge batire lapadera la kamera ndi chipewa cha dzuwa.