Substance 3D Painter pa ntchito ya magemu: pamene imathandiza ndi pamene imapusitsa

Mukalowa mu situdiyo yopanga magemu a 3D, n'zovuta kuti musapezemo Substance 3D Painter. Inapangidwa ndi kampani ya ku France ya Allegorithmic, inatuluka mu 2014, ndipo mu 2019 Adobe inagula kampaniyo. Maganizo athu pa pulogalamuyi ndi akuti ndalama zake sizipita pachabe ngati ntchito yanu ndi yopaka zinthu chimodzichimodzi, monga zida, magalimoto, mipando ndi anthu a m'gemu. Koma ili ndi khalidwe lofunika kuchenjera nalo: imakometsa. Chinthu cha UV yokhota (UV ndi mmene khungu la chinthu cha 3D limayalidwira pa chithunzi chafulati), bake yolakwika (kusindikiza tsatanetsatane wa chinthu pa zithunzi) ndi mitundu yosatsata malamulo a kuwala chimaoneka bwino ndithu pa windo la Painter, n'kukasanduka china chikalowa mu injini yoyendetsa gemu monga Unreal kapena Unity.

Painter inamangidwa pa PBR, njira yopaka imene inafala m'magemu Brent Burley wa ku Disney atailongosola pa msonkhano wa SIGGRAPH mu 2012, ndipo Brian Karis wa ku Epic atasonyeza mu 2013 mmene anailowetsera mu Unreal Engine 4. Kale wojambula ankajambuliratu mthunzi ndi kunyezimira pa chithunzi. Mu PBR simutero. Inu mumangonena kuti chinthuchi n'chopangidwa ndi chiyani, injini n'kuwerengera yokha kuwala. Base color imanena mtundu weniweni wopanda mthunzi, metallic imanena ngati malowo ndi chitsulo chosaphimbidwa kapena ayi, roughness imanena kukhakhala, ndipo normal imanyamula timizere ndi timaenje timene mesh yeniyeni, thupi la 3D la chinthucho, ilibe.

Titenge chinthu chimodzi kuti tiyende nacho: mgolo wachitsulo wa malita 200, wopaka penti yabuluu, wotupsuka m'mphepete ndiponso wadzimbiri kunsi. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 88, m'mimba mwake pafupifupi 58, choncho khungu lake lonse limapitirira pang'ono masikweya mita awiri. Ngati gemu yanu inagwirizana pa mapikiselo 1024 pa mita iliyonse, mgolowu ukukwana bwinobwino pa texture (chithunzi chokuta chinthucho) ya mapikiselo 2048 mbali iliyonse. Ngati ndi 512 pa mita, ya 1024 yakwana. Painter sidzakuletsani kusankha 4096, ndipo apa ndi pamene ambiri amawonongera memory ya gemu. Texture imodzi ya 2048 yopanikizidwa ndi BC7 imadya 4 MB, ya 4096 imadya 16 MB, ndipo ma mipmap, makope aang'ono a texture ogwira ntchito chinthu chikakhala patali, amawonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu pamwamba pake. Muchulukitse ndi mapu atatu pa mgolo umodzi umene wosewera adzaudutsa akuthamanga. Chimene timayamikira n'chakuti kukula kwa texture mu Painter sikumangika: mutha kugwira ntchito pa 1024 kuti kompyuta isaleme, n'kukweza potulutsa, chifukwa pulogalamuyi imasunga mmene burashi inayendera n'kuwerengeranso.

Ntchito yambiri imapindula kapena kuwonongeka musanapake kalikonse, pa bake. Apa Painter imatenga tsatanetsatane wa mesh yolemera n'kumusindikiza pa mesh yopepuka, ndipo imatulutsa normal, world space normal, ID, ambient occlusion, curvature, position ndi thickness. Mapu amenewa si okongoletsa chabe. Ma generator onse amene amaika dzimbiri m'makona ndi kutupsula penti m'mphepete amawerenga curvature (mapu a ngodya ndi mokhota) ndi ambient occlusion (mapu a malo obisika amene kuwala kumavutika kufikako), ndiye bake ikakhota, dzimbiri limakagwera pamalo opanda nzeru.

Zolakwika za bake zimabwera mobwerezabwereza, ndipo chilichonse chili ndi gwero lake. Mabala akuda kapena malo osowa pa normal amatanthauza kuti miyezo ya Max Frontal Distance ndi Max Rear Distance, imene imayambira pa 0.01, yachepa moti mesh yolemera yatulukira kunja kwa khola, malire amene miyezoyi imaika mozungulira mesh yopepuka. Kwezani pang'onopang'ono mpaka mabalawo atha, osapitirira, chifukwa mukakweza kwambiri chivundikiro chimayamba kusindikizika pa thupi la mgolo. Vuto lachiwirili mankhwala ake ndi kutcha zigawo mayina ofanana othera ndi _low ndi _high, monga chivundikiro_low ndi chivundikiro_high, n'kusintha Match kukhala By Mesh Name. Chilembo chimodzi chikasiyana, chigawocho chimatuluka chopanda kanthu. Mzere wakuda wotsata ngodya yakuthwa umachokera kunja kwa Painter: paliponse pamene mwaika hard edge (mzere wodula mthunzi kuti ngodya ioneke yakuthwa) pa mesh yopepuka payenera kukhalanso msoko wa UV, apo ayi mapikiselo a mbali ziwiri zoyang'ana kosiyana amasakanikirana. Mabawuti ooneka opendekeka pa chivundikiro chafulati amabwera chifukwa cha Average Normals, imene imapendeketsa mizere yoyezera. Onjezani ma loop (mizere yozungulira mesh) pafupi ndi m'mphepete mwa mesh yochitira bake, kapena chitani bake yachiwiri mutazimitsa Average Normals n'kuphatikiza ziwirizo ndi mask, chophimba chonena pamene chinthu chioneke ndi pamene chibisike. Kwa amene ntchito yake yambiri ndi makina ndi zida, Marmoset Toolbag imadziwika ndi burashi yowongolera kupendekeka kumeneku, ndipo alipo ambiri amene amachitira bake kumeneko n'kudzapaka mu Painter.

Pali chinanso chaching'ono chimene chimaiwalika. Sandutsani mesh kukhala ma triangle musanaitulutse mu Blender kapena Maya, ndipo fayilo yomweyo ndi imene ipite ku Painter ndi ku injini. Pulogalamu iliyonse imadula ma quad (zidutswa za ngodya zinayi) mwa njira yake, ndiye normal yowerengedwa pa kadulidwe kena imaonetsa timitanda ta mthunzi ikaikidwa pa kadulidwe kena. Siyaninso mpata pakati pa zidutswa za UV, mapikiselo ngati 16 pa texture ya 2048, kuti mitundu isadontherane ma mipmap akayamba kugwira ntchito chinthu chili patali.

Bake ikakhala bwino, Painter imaonetsa mphamvu zake, ndipo apa sitikuona ina yoiposa. Mgolo umamangidwa monga mmene weniweni unakalambira. Pansi penipeni ikani fill layer ya chitsulo: metallic 1, roughness pakati pa 0.3 ndi 0.4, base color yotuwa mowala, pafupi ndi 196 pa sikelo ya mitundu ya sRGB (0 mpaka 255). Pamwamba pake penti: metallic 0, roughness cha m'ma 0.45, ndi height yokwera pang'ono kwambiri kuti pamene penti yatupsuka pakhale kamlomo. Pa mask ya penti ikani generator ya Metal Edge Wear, kenako paint layer yoti mufufutire ndi kuwonjezera pamanja. Dzimbiri likhale layer yakeyake, metallic 0, roughness 0.8 kapena kupitirira. Mukaika anchor point pa mask ya penti, layer ya dzimbiri itha kuwerenga mask imeneyo, mukaiwazitsa pang'ono ndi blur, dzimbiri limamera ndendende m'mbali mwa pamene penti yachoka. Mukasintha potupsuka, dzimbiri limatsatira lokha. Anchor point yokhayi ndi chifukwa chokwanira chosiyira kupaka ma texture mu Photoshop.

Malo amene ophunzira ambiri amagwera ndi metallic. Mgolo ndi wachitsulo, inde, koma chimene kuwala kumakhudza ndi penti, dzimbiri ndi fumbi, ndipo zonsezi si chitsulo. Pa mgolo wotere mapu a metallic ayenera kukhala akuda pafupifupi ponse, oyera pokhapokha pamene chitsulo chili pambalambanda. Zotuwa zizipezeka pa malire basi. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa: zinthu zosakhala chitsulo zimabweza kuwala pafupifupi 4 pa 100 aliwonse mukaziyang'ana molunjika, pomwe chitsulo chimabweza kuyambira 70 mpaka 100, ndipo mtundu wa kunyezimirako umatengedwa ku base color. Mukapatsa penti metallic ya 0.5, mwapanga chinthu chimene kulibe padziko, ndipo chidzaoneka bwino pa kuwala kumodzi kokha. Malire a base color nawonso alipo: zosakhala chitsulo zisatsike pansi pa 30 mpaka 50 mu sRGB ndiponso zisapitirire 240, chitsulo chikhale kuyambira 180 kupita m'mwamba. Tayala lopakidwa 0 limangokhala dzenje lakuda m'gemu, nyali ikaliwalira silisintha kwenikweni. Painter ili ndi filter ya PBR Validate imene imafiiritsa malo ophwanya malirewa. Dandaulo lathu n'lakuti inabisika pakati pa ma filter ena ambiri, pomwe ndi chinthu chimene munthu watsopano amafunika kuchiona tsiku loyamba.

Ma smart material, milu ya ma layer yokonzedwa kale imene mumangoika pa chinthu, tiwatchule mosapsatira. Amafulumizitsa, ndipo kuwatsegula n'kuona mmene anawasanjira ndi sukulu yabwino. Koma generator siidziwa mbiri ya chinthu. Imatupsula ngodya zonse mofanana, ngakhale zimene dzanja kapena nthaka sizinakhudzepo. Mgolo weniweni umatha pa mikombero iwiri yapakati pamene umagubuduzidwira, pa mlomo wapansi pamene umakwekwesedwa, ndi mozungulira chotsekera pamene mafuta amadontha n'kugwira fumbi. Zimenezi muziika nokha. Ndipo nthawi yochuluka ipite ku roughness, osati ku mtundu. Zala, madontho ouma, malo opukutika, zonsezi diso limaziona pa kusintha kwa kunyezimira. Dinani C kuti muone channel iliyonse payokha, M kuti mubwerere, ndipo zungulitsani kuwala ndi Shift pamodzi ndi batani lakumanja la mbewa nthawi ndi nthawi. Roughness ikaoneka yotuwa mofanana ponse, ntchito sinathe.

Potulutsa mafayilo ndi pamene kukometsa kuja kumaonekera poyera. Ma preset alipo ndipo ndi olondola, koma Painter singakonze zimene injini ichite ikalandira. Normal ili ya mitundu iwiri: Unreal imafuna DirectX, pomwe Unity, Godot ndi Blender zimafuna OpenGL. Kusiyana kuli pa channel yobiriwira yokha, imene imatembenuzidwa, ndipo mukasokoneza, maenje amaoneka ngati zotupa kuwala kukachokera kumwamba. Mu Unreal mutha kuchonga Flip Green Channel m'malo motulutsanso. Preset ya Unreal imalongedza ambient occlusion mu R, roughness mu G ndi metallic mu B pa fayilo imodzi, ndipo fayilo imeneyi iyenera kuzimitsidwa sRGB, kapena compression yake ikhale Masks. Mukaiwala, injini imawerenga manambala ngati mitundu: roughness ya 0.5 imasanduka pafupifupi 0.21, mgolo wouma n'kuoneka ngati wanyowa ndi mvula. Unity siwerenga roughness koma smoothness, yomwe ndi 1 kuchotsa roughness, ndipo imaifuna mu alpha. Mu HDRP, imodzi mwa njira zojambulira za Unity, mask map imakhala metallic mu R, occlusion mu G, detail mask mu B ndi smoothness mu alpha. Palinso nkhani ya mitundu: Unreal imadutsitsa chithunzi mu tonemapper, sefa yomaliza ya mitundu, yochokera ku muyezo wa ACES, imene imazamitsa zakuda, choncho buluu amene munamukonda mu Painter amafika wosintha. Yatsani ACES mu Painter ngati injini yanu ndi imeneyo, ndipo tumizani chinthucho ku injini chikadali pakati, musadikire kuti chithe.

Pa kulemera, Painter imadalira kwambiri GPU, khadi la zithunzi la kompyuta, ndi memory yake. Ma layer ambiri okhala ndi ma generator pa 4096 amachedwetsa burashi ngakhale pa makina abwino. Pa Windows, bake kapena export yaitali itha kutseka pulogalamu chifukwa Windows imaganiza kuti GPU yafa ikakhala chete masekondi awiri. Adobe imalangiza kukweza TdrDelay ndi TdrDdiDelay mu registry, mosungira makonzedwe a Windows, kufika pa masekondi 60. Kuti pulogalamu yolipira izifuna kuti wojambula alowe mu registry si chinthu chosangalatsa, koma mukatero vutolo limachepa kwambiri. Mafayilo a .spp, momwe Painter imasungira ntchito yanu, amafufuma msanga, ndiye muziwapanikiza posunga musanawatumize kwa anzanu. Musayembekezerenso kuti ikupangirani zonse: makoma, nthaka ndi misewu zimene zimabwerezabwereza pa malo aakulu ndi ntchito ya Substance 3D Designer ndi ma trim sheet (texture imodzi ya mizere yogwiritsidwa ntchito pa zinthu zambiri), ndipo kupaka nyumba yonse mu Painter ngati mgolo n'kumwaza memory.

Kagulidwe kali pawiri. Kwa Adobe mumalipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndipo mumapeza nawo nkhokwe ya Substance 3D Assets. Pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu ndi mapulogalamu, mumagula kamodzi mtundu wa chaka chimenecho, umalandira zokonza kwa nyengo yake, kenako umakhala wanu mmene ulili, wopanda nkhokwe ija. Kwa munthu wogwira yekha, makamaka kumene ndalama zakunja zimavuta kupeza mwezi uliwonse, wa pa Steam ndi umene tikulangiza, poti bake, ma layer, ma generator ndi export zonse zilimo. Ngati simunafike pogula, ArmorPaint ndi Blender zitha kukuphunzitsani PBR yomweyi, ngakhale kusanja ma mask kumeneko kumatenga nthawi yochuluka. Amene akufuna ntchito mu situdiyo aphunzire Painter, chifukwa mafayilo amene adzapatsidwe adzakhala a .spp. Amene UV ndi hard edge zikumuvutabe ayambe wakonza zimenezo mu Blender asanalipire kalikonse.