Coaster, HiAce kapena chibasi chachikulu: yoyenera kusandutsa nyumba yoyenda nayo ndi iti?

Basi yathu, Toyota Coaster, inayamba ntchito yake ku Japan, kenako inadzanyamula ana a sukulu ina ya pulaiveti kuno ku Blantyre mpaka eni ake ataitopa. Lero mkati mwake muli bedi, kasinki, kafiriji ndi tebulo lomwe usiku limasanduka pogona ana. Ikaima ku Limbe kapena pa Ginnery Corner sipalephera munthu wosuzumira pazenera, ndipo funso lake limakhala lomwelomwelo: "Achimwene, nanenso nditafuna kupanga zoterezi, ndigule galimoto yanji?" Ine ndi alamu anga tinatha miyezi yambiri tikukwawa pansi pa mabasi ogulitsa tisanasankhe, ndiye zomwe tinaona ndi izi.

Ndiyambe ndi chibasi chachikulu kuti tichichotse panjira msanga. Ambiri timatengeka ndi mavidiyo a pa YouTube a anthu a ku America omwe amasandutsa mabasi achikasu a sukulu, a Blue Bird kapena Thomas, kukhala nyumba za bafa ndi khitchini. N'zokongola ndithu, koma mabasi amenewo chiwongolero chake chili kumanzere pomwe ife timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo chitseko chake chimatsegukira kumene kukudutsa magalimoto. Chitsulo chikathyoka simukachipeza ku Ndirande. Mbale wake wa kuno ndi mabasi akale a Scania aja omwe ankayenda ulendo wautali kuchokera pa Wenela. Malo ndi ambiri, inde, koma tayala limodzi lokha limadya ndalama yomwe mukanamangira khitchini yonse, ndipo basi lalikulu chonchi simungakwere nalo ku Ku Chawe kapena kulowa nalo m'tinjira ta pakati pa nyumba ku Chembe. Lotere limayenera munthu amene ali ndi malo ake kunyanja, woti akaliimike pamenepo mpaka kale. Ife tinkafuna yoyenda.

Mpikisano weniweni uli pakati pa Toyota HiAce, yomwe tonse timangoti minibasi, ndi mabasi apakati monga Toyota Coaster, Mitsubishi Rosa ndi Nissan Civilian.

HiAce ili ndi mphamvu imodzi yomwe ina iliyonse ilibe: palibe makanika m'Malawi muno amene sanaitsegulepo. Ikafa pa Zalewa, pa Liwonde kapena pa Thabwa, mnyamata wa pagalaji ya pansi pa mtengo amaidziwa injini yake, ya mtundu wotchedwa 3L kapena 5L, ngati chikhatho chake, ndipo chitsulo chomwe chafa chimapezeka tsiku lomwelo, chatsopano kapena chochotsa ku inzake. Matayala ndi anayi okha. Mafuta imamwa mwaulemu. Yomwe tinabwereka kwa mnzathu kupita nayo ku Mangochi inkayenda makilomita pafupifupi 10 pa lita. Pa nthawi zosowa mafuta, zogona pamzere wa dizilo, zimenezi si zazing'ono. Imalowa m'geti la nyumba wamba ku Chilomoni kapena ku Bangwe, ndipo pakati pa sabata mutha kupita nayo kuntchito.

Vuto lake ndi kuchepa. Wamba ija ndi yotalika mamita 4.7 basi, ndipo mukachotsa malo a dalaivala, chotsala chimangokwana bedi la anthu awiri ndi kabati imodzi. Ya denga lalifupi simungaimiriremo. Kuvala buluku kumakhala kokhala pansi, kuphika kumakhala panja. Dzuwa likamawala zonsezi n'zabwinobwino, koma chiperoni chikagwa ku Mulanje mu Juni, mvula yamawawa osaleka masiku awiri, anthu anayi m'kagalimoto kotere amayamba kulankhulana mokalipa. Ilipo yaitali ya denga lokwera, yopitirira mamita 5, ndipo ngati mtima wanu uli pa HiAce, funani imeneyo.

Chinanso, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere: musagule minibasi yomwe yakhala ikuyenda pamsewu wa Limbe ndi Blantyre, kapena wa Ndirande, ngakhale mtengo utatsika bwanji. Galimoto imeneyo yakhala ikudzuka m'ma 4 koloko m'mawa tsiku lililonse, kunyamula mopyola muyeso, kuima ndi kunyamuka kosawerengeka, chitseko chikumenyedwa ndi kondakitala mpaka njanji yake kutha. Tinaona ina atangoipaka penti yoyera mbee, koma titakweza kapeti tinaona msewu kudzera pansi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Apa m'pamene basi ya sukulu imapambanira: imayenda m'mawa ndi masana, mtunda wochepa, imapuma Loweruka ndi Lamlungu komanso pa holide, ndipo kawirikawiri dalaivala amakhala mmodzi kwa zaka zambiri. Sukulu zina zimasunganso kabuku ka sevisi. Kafunseni, ndipo muwerenge.

Tsopano Coaster. Yaitali ija ndi pafupifupi mamita 7 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi. Mukachotsa mipando yonse n'kuimirira pakati, m'pamene mumazindikira kuti ichi ndi chipinda chenicheni. M'mwathu tinaika bedi lopingasa kumbuyo, pansi pake thanki ya madzi ndi malo a katundu, pakati khitchini mbali imodzi ndi kachimbudzi konyamula mbali inayo, kutsogolo tebulo ndi mipando ya malamba ya ana. Ya denga lokwera, munthu wa msinkhu wabwino amayenda chilili. Samalani ndi zomwe ku Japan zinapangidwira ana a mkaka, zija za timipando ting'onoting'ono ndi zithunzi za nyama kunja: zambiri denga lake ndi lalifupi. Lowanimo nokha, muimirire, mukumbukirenso kuti pansi mudzayala pulayiwudi ndipo kudenga mudzaika zotchinga kutentha, zomwe zidzadya masentimita angapo.

Chomwe chinatikopa kwambiri ndi injini. Ma Coaster ambiri akale ali ndi 1HZ, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, yomweyo yomwe ili m'ma Land Cruiser a zipatala ndi mabungwe omwe amapita kumidzi. Ilibe kompyuta, ilibe tebo (turbo), ndipo amakanika a m'maboma onse anaizolowera. Si yothamanga. Pokwera chitunda cha Thabwa kuchokera ku Chikwawa mumakhala pa giya yachiwiri, maso ali pa singano ya kutentha, magalimoto ang'onoang'ono akukupitirirani. Koma imafika. Ili ndi lamba wa taimingi yemwe amafunika kusintha pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo ngati wogulitsa sakudziwa tsiku lomwe anasinthidwa, sinthani musanapite kulikonse. Ma Coaster atsopanoko ali ndi injini ya N04C ya Hino, yamphamvu bwino komanso yosamwa kwambiri, koma ya magetsi ambiri. Ikayatsa nyali yachilendo pa dashibodi muli ku Monkey Bay, pamafunika munthu wa makina owerengera, ndipo mwina achokere ku Blantyre konkuno.

Nissan Civilian ya injini ya TD42, yofanana ndi ya Patrol yakale, ndi yolimba mofananamo ndipo ilibe lamba wa taimingi chifukwa imayendera magiya. Rosa nayo ndi basi yabwino, injini zake ndi za banja limodzi ndi malole a Canter omwe ali ponseponse. Pa injini sindingazinyoze. Pomwe zimagonjera ndi pa zinthu za thupi: galasi lakutsogolo, nyali, chitseko. Mwala ukaswa galasi la Coaster mumalipeza m'tauni muno. La Civilian mutha kudikira kuti lichokere ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Ikapezeka Rosa yosamalika pamtengo wotsika kuposa Coaster yotopa, tengani Rosa osacheuka. Zikafanana, Toyota.

Coaster ili ndi zowawa zake, ndipo sindikubisirani. Yathu imayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita, choncho ulendo wa ku Cape Maclear umafuna kuukonzekera ngati ukwati. Matayala ndi 6, kuphatikiza lapadera 7. Pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke imalipira kuposa galimoto yaing'ono. Mchira wake, kuchokera pa matayala akumbuyo kukafika kumapeto, ndi wautali, ndiye potsika m'kamtsinje kouma kapena pa msewu wokumbika ndi mvula umakhula pansi. Thanki ya madzi musaipachike kumeneko. Ku Majete ndi ku Liwonde imafika pamalo ogona nthawi yachilimwe, koma tinjira ta mkati toonera nyama si take, makamaka dzinja. Ndiponso ndi yolemera kupyola makilogalamu 3,500, kutanthauza kuti laisensi ya B siikwana, pamafunika C1. Alamu anga anali nayo kale. Ine ndinabwerera ku sukulu yoyendetsa.

Pa nkhani ya mapepala, pitani ku ofesi ya Road Traffic musanamasule bawuti ngakhale imodzi. Galimoto yolembedwa kuti ndi basi ya anthu 26 kapena 29 koma mkati muli bedi ndi mipando inayi idzakuvutitsani pa COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), pa inshuwalansi ndi pa rodibuloko iliyonse. Kafotokozeni zomwe mukufuna kuchita, akuuzeni ndondomeko yosinthira, ndipo a inshuwalansi nawonso adziwe. Ngati mukuitanitsa kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira, werengeranitu msonkho wa MRA, womwe umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula yomwe ili kale m'dziko muno kwakhala kwanzeru kwa ambiri a ife.

Kusiyana kwina kumaonekera pomanga. Coaster ya dizilo ngati yathu imayendera magetsi a mavoti 24, mabatire awiri, pomwe HiAce ndi 12. Mafiriji ang'onoang'ono ambiri amalola zonse ziwiri, koma nyali, mapampu ndi zochajira foni zomwe zadzaza m'mashopu a ku Limbe ndi za 12. Musalole wa magetsi kuti angokoka waya pa batire limodzi mwa awiriwo. Limatha msanga n'kupha linzake. Ife tinapatula: galimoto ndi mabatire ake, nyumba ndi batire lake lodyetsedwa ndi sola. Apa denga la Coaster ndi dalitso, chifukwa mapanelo awiri kapena atatu amakwana n'kutsala malo, pomwe pa HiAce mukaika imodzi yaikulu mwatha. Batire la 100Ah pa mavoti 12 limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma likakhala la asidi mumangodyapo theka ngati mukufuna likhalitse. La lithiamu ndi lodula pogula, lopepuka, ndipo mumadyapo pafupifupi zonse. M'galimoto yaing'ono, momwe kilogalamu iliyonse ikuwerengedwa, ndingasankhe la lithiamu.

Kulemera ndi kumene amisiri athu amalakwitsa, osati mwadala. Kalipentala wozolowera makabati a m'nyumba amafuna kukupangirani chinthu cha mlombwa chokhalitsa zaka makumi, wowotcherera wa ku Ndirande amafuna chitsulo chochindikala kuti musadzamudandaule. Auzeni mwaulemu kuti nyumba iyi iziyenda. Pulayiwudi yopyapyala pa felemu ya paini ndi yokwanira, ndipo chilichonse chimangidwe ndi mabawuti kuthupi la galimoto, chifukwa mukaponda buleki mwadzidzidzi pa Midima kabati yosamanga imasanduka mwala. Madzi malita 100 ndi makilogalamu 100. Coaster, yomwe inapangidwira anthu oposa 20, katundu wotere samuimva; HiAce mukaipatsa madzi, batire, matabwa ndi banja, masipulingi amagona.

Mazenera ambiri a basi ndi okoma poona nyanja m'mawa, koma mu Okutobala ku Chikwawa, kutentha kukapyola madigiri 40, basi imasanduka uvuni. Ife tinatseka mazenera ena akumbuyo, tinapaka denga penti yoyera, tinaboola kudenga n'kuika fani yotulutsa mpweya. Pomwe mwaboola pamateni bwino, mvula ya Januwale imapeza kabowo kalikonse. Mazenera otsala onse tinaika sefa ya udzudzu, ndipo neti timapachikabe. Malungo a kunyanja sasankha kuti mwagona m'basi yokongola.

Chimodzi chokha n'chofanana m'galimoto zonsezi, ndipo ndikuchinena ndi mtima wonse: mbaula ya makala isalowe mkati, kaya kukuzizira bwanji pa Zomba. Utsi wake wosaoneka, wosanunkha, umapha anthu ali m'tulo. Silinda ya gasi ikhale m'kabokosi kake kotsekeka kokhala ndi kabowo pansi kotulukira panja, popeza gasi akadontha amatsika pansi, ndipo pophika zenera likhale lotsegula. Chozimitsira moto chikhale pafupi ndi chitseko, pomwe ngakhale mwana angachifikire.

Ndiye mukandifunsa kuti iti, yankho langa limatengera anthu ogonamo. Muli awiri, mumakonda kunyamuka Lachisanu madzulo kupita ku Likhubula n'kubwerako Lamlungu, ndipo galimoto yomweyo ndi yopitira kuntchito? HiAce yaitali ya denga lokwera, yosayendapo ngati minibasi. Muli ndi ana, mukufuna kukatha sabata yathunthu kunyanja, muli ndi bwalo loimikapo komanso galimoto ina ya tsiku ndi tsiku? Coaster ya 1HZ yochokera kusukulu kapena ku mpingo. Ife tili asanu, ndipo sitinanong'onezepo bondo.

Popita kukaona basi, pitani m'mawa injini isanalizidwe, kuti muone utsi woyamba ndi kumva mmene ikudzukira. Tengani tochi, sikuludiraiva ndi makanika wanu, osati wa wogulitsa. Gogodani chesesi, masitepe a pachitseko, m'munsi mwa mazenera ndi m'ngalande za denga, poti ku Japan madera a chipale amathira mchere m'misewu ndipo dzimbiri limayambira m'malo amenewo. Kenako ipempheni mukwere nayo msewu wa ku Soche kapena chitunda chilichonse chachitali, muone ngati singano ya kutentha ikhala malo amodzi.