Mmene bungwe la Citizens Advice limathandizira munthu amene akuopa tsiku lokaunikidwa pa chithandizo cha PIP

Munthu amene akudwala matenda a nkhawa kapena ovutika maganizo ku England ndi ku Wales, akapempha chithandizo cha ndalama chotchedwa PIP (Personal Independence Payment), choperekedwa kwa odwala nthawi yaitali kapena olumala, nthawi zambiri amaitanidwa kuti akacheze ndi wachipatala amene sanaonanepo naye chibadwire, n'kumufotokozera zinthu zimene ngakhale abale ake sawauza. Chithandizochi chinayamba mu 2013 ndipo chimayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za ntchito ndi penshoni, ya DWP. Ntchito ya bungwe la Citizens Advice pokonzekeretsa munthu wotere ndinaiona ndi maso pamene ndinkaperekeza mng'ono wanga, amene chilandirireni kalata yomuitana ankangogona mtima uli m'mwamba.

Bungweli linakhazikitsidwa mu 1939, uphungu wake ndi waulere ndi wachinsinsi, ndipo si nthambi ya boma. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa wodwala amene amakayikira aliyense wokhala pa desiki. Uphunguwo umapezeka pa intaneti, pa foni ndiponso m'maofesi a m'madera.

Chimene ndinachiyamikira koposa n'chakuti alangizi ake sataya nthawi ndi mawu otonthoza, koma amamuonetsa munthu mmene nkhaniyo imagamulidwira. PIP siyang'ana dzina la matenda, imayang'ana mmene matendawo akusokonezera ntchito 10 za tsiku ndi tsiku, monga kuphika, kudya, kusamba, kuvala, kumwa mankhwala, kucheza ndi anthu ndi kusamala ndalama, komanso ntchito 2 zokhudza mayendedwe, imodzi mwa izo ndi kukonza ulendo n'kuuyenda. Mapointi a ntchito za tsiku ndi tsiku amaphatikizidwa paokha, a mayendedwe paokhanso, ndipo pa gawo lililonse okwana 8 amapereka ndalama za mlingo woyamba, okwana 12 za mlingo wapamwamba. Wachipatala uja, amene angakhale namwino kapena katswiri wa mafizo, amangolemba lipoti, ndipo chigamulo chimachokera kwa wogwira ntchito wa DWP. Mng'ono wanga atamva zimenezi anasiya kuganiza kuti akupita kukayesedwa ngati ndi wabodza.

Pali lamulo lina limene anthu ambiri salidziwa, ndipo kwa ine ndi pamene pagona phindu lonse la uphunguwu. Munthu amawerengedwa kuti amatha ntchito inayake pokhapokha ngati amaichita popanda kudziika pangozi, moyenera, mobwerezabwereza ndiponso pa nthawi yosapitirira kawiri nthawi imene munthu wosadwala angatenge, ndipo vuto limawerengedwa ngati limamugwira masiku oposa theka. Mlangizi atafunsa mng'ono wanga kuti, "Kodi mumatha kudziphikira?" iye anayankha msangamsanga kuti amatha. Mlangiziyo sanatsutse. Anangofunsa zimene anadya sabata yapitayo, ndipo pang'onopang'ono zinatuluka zoti masiku ambiri ankangomwa tiyi ndi buledi, zoti poto anapserera pa chitofu iye ali chikhalire pa mpando, ndiponso zoti amaphika pokhapokha wina akamukumbutsa. Ambiri a ife tinaleredwa kuti mavuto a m'nyumba sauza mlendo, ndipo khalidwe labwinoli likhoza kumutayitsa munthu chithandizo chimene lamulo likumulola kulandira. N'chifukwa chake amalangiza kulemba m'kabuku zochitika za tsiku lililonse, labwino ndi loipa lomwe, kuti pa tsiku lenilenilo, mutu ukaima, pepala likumbutse.

Malangizo a tsikulo ndi achindunji. Kuunikako kumatha kuchitika pamasom'pamaso, pa foni kapena pa vidiyo, ndipo amene njira inayake imamudwalitsa akhoza kupempha ina. Munthu amaloledwa kupita ndi womuperekeza wa zaka 16 kapena kuposa, amene akhoza kuwonjezera zimene wodwala waiwala. Akhozanso kupempha womasulira, kapena kuti zokambiranazo zijambulidwe mawu, bola anene nthawi ikadalipo. Amamulangiza kutenga kope ya fomu imene anadzaza, kusayankha mongoti inde kapena ayi, ndi kupempha kupuma ngati mtima wayamba kuthamanga. Amamuchenjezanso kuti wachipatala amalemba zimene akuona, monga kavalidwe ndi kayankhulidwe, ndipo funso looneka ngati la macheza, lakuti wabwera bwanji, limalowa mu lipoti. Amene wanena kuti wakwera basi, osatchula kuti usiku wonse sanagone ndipo wachita kugwiridwa dzanja ndi m'bale wake, akhoza kulembedwa ngati munthu woyenda yekha. Chenjezo limeneli limaopsa poyamba, komabe ndi bwino kulimva kwa mlangizi kusiyana n'kudzaliwerenga m'kalata yokukana.

Malire a ntchitoyi nawonso ndi oonekeratu. Citizens Advice si chipatala, ndipo alangizi ake si madokotala a maganizo. Amachotsa mantha obwera chifukwa cha kusadziwa, koma nkhawa ya matenda, ija yodzutsa munthu pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, imafuna dokotala wake wa nthawi zonse, mabungwe othandiza ovutika maganizo ngati Mind, kapena a Samaritans amene amayankha foni yaulere ya 116 123 usana ndi usiku. Masamba a pa intaneti ndi olembedwa momveka, koma ndi ambiri, ndipo munthu amene maganizo ake sakukhazikika sangawamalize yekha. Ndi bwino kuwawerenga awiri, pang'ono lero pang'ono mawa. Komanso ofesi iliyonse ndi bungwe loima palokha, choncho zimene imodzi imachita si zimene inzake ingachite, ndipo munthu asangoganiza kuti mlangizi adzamuperekeza kokaunikidwa asanafunse. Popeza fomu yofotokoza mmene matenda akumukhudzira imayenera kubwezedwa pasanathe mwezi umodzi, wofuna thandizo apite tsiku lomwe yafika.

Kwa amene anabwera ku UK pa viza, funso loyamba kwa mlangizi likhale la zikalata zawo, chifukwa PIP ili m'gulu la ndalama za boma zimene ena saloledwa kupempha, ndipo kulakwitsa pamenepa kukhoza kusokoneza chilolezo chokhalira m'dziko. Amene ali ku Scotland adziwe kuti kumeneko kuli chithandizo china, Adult Disability Payment, chokhala ndi njira zakezake.

Ndingalimbikitse aliyense amene tsiku lake layandikira kuti apite ku bungweli, makamaka amene mantha akumuuza kuti angojomba, chifukwa kujomba popanda chifukwa chomveka kukhoza kuthetsa pempho lonse, pamene kuimba foni n'kupempha tsiku lina n'kololedwa. Chigamulo chikabwera chosakomera, munthu akhoza kuitanitsa kope ya lipoti lija, kupempha DWP pasanathe mwezi umodzi kuti iunikenso nkhaniyo, kenako kuchita apilo ku bwalo loima palokha, ndipo alangizi omwewo amathandizanso pa masitepe amenewa.